Masiteti 36 ndi malikulu ake: zomwe ana a ku Nigeria amaloweza kusukulu, ndi komwe zinachokera

Amene amatsatira nkhani za ku Nigeria amamva mayina ambiri omwe sadziwa kuti awaike pati. Lero wailesi inena za gavanala wa Borno, mawa za nyumba ya malamulo ya Rivers, mkuja za chisankho cha ku Anambra. Munthu n'kumadabwa kuti dziko limodzi, magavanala ambirimbiri chonchi akuchita chiyani, nanga nyumba za malamulo zilipo zingati? Pa Facebook napo pamayenda timavidiyo ta ana a kumeneko, ena osakwana n'zaka zisanu zomwe, ataima chilili manja kumbuyo, akutchula mayina awiriawiri osapumira: Abia, Umuahia, Adamawa, Yola, Akwa Ibom, Uyo, Anambra, Awka, mpaka kukafika ku Zamfara, Gusau, n'kutsekera ndi Abuja.

Chomwe anawa akutchula ndi masiteti 36 a dzikolo, iliyonse ndi likulu lake. Ndi phunziro lomwe pafupifupi mwana aliyense wa ku Nigeria amadutsamo. Koma mndandandawo sunakhalepo chikhalire. Agogo a mwanayo analoweza wina, makolo ake wina, ndipo alipo anthu lero omwe akufuna usinthidwenso.

Siteti ndi chiyani

Siteti ndi dera la dziko lomwe lili ndi boma lakelake mkati mwa boma lalikulu. Ku Nigeria siteti iliyonse imasankha gavanala wake pa voti, ili ndi nyumba ya malamulo yake, makhothi ake, ndondomeko yake ya zachuma, ndipo imalemba ntchito aphunzitsi ndi anamwino ake. Zina ndi za boma lalikulu lokha: asilikali, ndalama ya dziko, ziphaso zoyendera, ubale ndi mayiko ena. Mphamvu za masiteti zinalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko a 1999, choncho pulezidenti sangadzuke m'mawa n'kunena kuti siteti yakutiyakuti yatha. Ulamuliro wotere ndi womwe kuno timautchula kuti wa fedulo, ndipo ambiri akumbukira momwe nkhaniyi inatenthera m'Malawi chitatha chisankho cha 2014.

Tiyerekeze ndi mudzi wa bambo amene ana ake anakula n'kumanga nyumba zawo pabwalo lomwelo. Aliyense ali ndi nkhokwe yake ndipo amaphika zake, koma malire a munda ndi milandu ya ndi anthu akunja zimakambidwa pamodzi. Ndi momwe masiteti alili. M'Malawi si choncho: nkhokwe ndi imodzi. Maboma athu 28 ali ndi makhonsolo, inde, koma DC amachita kutumizidwa ndi boma la ku Lilongwe, ndipo malamulo onse amachokera ku nyumba ya malamulo imodzi. Zigawo zitatu zija, kumpoto, pakati ndi kummwera, zilibe boma ngakhale pang'ono. Ku Zambia zigawo 10 zimayang'aniridwa ndi nduna zosankhidwa ndi pulezidenti. South Africa ili pakatikati, chifukwa zigawo zake 9 zili ndi nyumba za malamulo ndi atsogoleri awoawo, ngakhale mphamvu zambiri zili ku boma lalikulu.

Pansi pa masiteti, Nigeria ili ndi maboma ang'onoang'ono 774. Amenewo ndiwo akufananako ndi makhonsolo athu.

Nambala 36 inachokera kuti

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mu 1914 gavanala wachingerezi Frederick Lugard analumikiza madera awiri omwe Angerezi ankawalamulira padera, la kumpoto ndi la kummwera, n'kupanga dziko limodzi la Nigeria. Pofika 1954 dzikolo linali ndi zigawo zitatu zikuluzikulu, chilichonse ndi boma lake: Kumpoto likulu lake Kaduna, Kumvuma likulu lake Enugu, Kumadzulo likulu lake Ibadan. Mzinda wa Lagos unali wa boma lalikulu. Mwana wa sukulu pa nthawi ya ufulu mu 1960 analibe zambiri zoloweza.

Vuto linali loti m'chigawo chilichonse munali mtundu umodzi waukulu: Ahausa ndi Afulani kumpoto, Aigbo kumvuma, Ayoruba kumadzulo. Mitundu ina mazanamazana inkaopa kuti idzangokhala yoomba m'manja. Komanso chigawo cha kumpoto chokha chinali chachikulu kuposa zina ziwirizo kuziphatikiza. Angerezi anakhazikitsa komiti ya Willink mu 1957 kuti imve madandaulo a mitundu ing'onoing'ono, koma komitiyo sinavomereze zodula zigawo zatsopano. Mu 1963 kunabadwa chigawo chachinayi, cha Mid-Western, likulu lake Benin City, anthu ataponya voti ya referendamu. Chigawo chimenechi tichikumbukire, chifukwa ndi chokhacho chomwe chinapangidwa ndi boma la anthu wamba. Kugawa kwina konse kunachitika asilikali ali pampando.

Pa 27 May 1967 Yakubu Gowon, msilikali amene ankalamulira dzikolo, anathetsa zigawo zinayi zija n'kulengeza masiteti 12. Patangotha masiku atatu Odumegwu Ojukwu, msilikali amene anali gavanala wa kumvuma, analengeza kuti chigawo cha kumvuma chapatuka ndipo ndi dziko la Biafra, ndiye kunabuka nkhondo yomwe inatha mu January 1970. Mpaka lero anthu amatanthauzira mosiyana zomwe Gowon anachita. Ena amati anayankha kulira kwa mitundu ing'onoing'ono komwe kunayamba kalekale. Ena amati cholinga chinali kufooketsa kumvuma, poti dera la mafuta ndi doko la Port Harcourt zinaikidwa mu siteti ya Rivers, kunja kwa siteti yomwe munali Aigbo ambiri. Zonse ziwiri zimanenedwa ndi anthu ophunzira bwino mbiri ya dzikolo.

Kuchoka apo nambala inangokwerakwera. Murtala Mohammed anafikitsa masiteti pa 19 mu 1976. Ibrahim Babangida anaonjezera Akwa Ibom ndi Katsina mu 1987 kukhala 21, ndipo mu 1991 anafikitsa pa 30. Sani Abacha, pa 1 October 1996, anaonjezera Bayelsa, Ebonyi, Ekiti, Gombe, Nasarawa ndi Zamfara, n'kukwana 36.

Pogawa choncho mayina ena anafera panjira. Munthu amene anali ku pulayimale cha m'ma 1980 analoweza Bendel ndi Gongola, koma mwana wake akamufunsa lero sazipeza pa mapu: mu 1991 Bendel inasanduka Edo ndi Delta, Gongola inasanduka Adamawa ndi Taraba. Makolo a kuno amene anaphunzira kuti Malawi ili ndi maboma 24 akudziwa momwe zimamvekera mwana akawakonza kuti ayi, ndi 28, poti Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno zinadulidwa ku Machinga, Mulanje, Nkhata Bay ndi Mwanza. Ku Zambia chigawo cha Muchinga, likulu lake Chinsali, chinabwera mu 2011 pa nthawi ya Michael Sata.

Likulu si mzinda waukulu nthawi zonse

Likulu ndi tauni kapena mzinda womwe muli mpando wa boma: ofesi ya gavanala, nyumba ya malamulo, khothi lalikulu ndi maofesi a maunduna. Tanthauzo ndi lomwelo basi. Kukula kwa mzinda, kuchuluka kwa anthu kapena kwa ndalama sizilowamo, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amagwa pa mayeso.

Mafunso ena ndi ofewa. Masiteti a Bauchi, Enugu, Gombe, Kaduna, Kano, Katsina ndi Sokoto ali ndi dzina limodzi ndi malikulu awo. Koma mwana akafunsidwa likulu la siteti ya Lagos n'kuyankha kuti Lagos, walakwa. Yankho ndi Ikeja. Ku Anambra mzinda wotchuka ndi Onitsha, wa msika waukulu uja m'mbali mwa mtsinje wa Niger, koma likulu ndi Awka. Ku Abia malonda ndi mafakitale ang'onoang'ono ali ku Aba, boma lili ku Umuahia. Ku Delta dzina lomveka ndi Warri, mzinda wa mafuta, koma gavanala amakhala ku Asaba. Ana a ku America ali ndi msampha womwewu m'masiteti awo 50: likulu la New York ndi Albany, la California ndi Sacramento.

Msampha wina ndi wa mayina ofanana ndi a mayiko oyandikana nawo. Siteti ya Niger, likulu lake Minna, si dziko la Niger la ku Niamey. Benin City ndi likulu la siteti ya Edo, silili m'dziko la Benin.

Nanga amasankhiranji tauni yaing'ono, mzinda waukulu ulipo? Zifukwa zimasiyana malo ndi malo. Pena amafuna malo apakati oti aliyense afikeko mosavuta. Pena amafuna kuti mitundu iwiri yolimbirana isakhumudwe, pena kuti chitukuko chipite kudera lotsalira, ndipo pena zimangotengera amene anali ndi mawu kwa mtsogoleri wa asilikali pa nthawiyo. Chodziwika ndi choti tauni ikapatsidwa ulikulu imasintha: kumabwera misewu, nyumba za ogwira ntchito m'boma, chipatala chachikulu, kawirikawiri ndi yunivesite yomwe. Yenagoa, Damaturu ndi Dutse anali matauni ang'onoang'ono asanakhale malikulu a Bayelsa, Yobe ndi Jigawa. N'chifukwa chake anthu akamapempha siteti yatsopano, mkangano wa komwe kudzakhale likulu umayamba siteti isanabadwe n'komwe. A ku Zambia anaziona likulu la chigawo cha kummwera litachoka ku Livingstone kupita ku Choma.

Abuja, yomwe si siteti

Mwana akamaliza masiteti 36 amawonjezera dzina limodzi, Abuja. Ili ndi dera la likulu la dziko lonse, ndipo lilibe gavanala kapena nyumba ya malamulo yake. Limayendetsedwa ndi nduna yosankhidwa ndi pulezidenti.

Ganizo losamutsa likulu kuchoka ku Lagos linapangidwa mu 1976. Lagos inali itadzaza, yopanikizika pakati pa nyanja ndi madambo, komanso ili pakona ya dziko m'dera la Ayoruba. Boma linafuna malo apakati omwe mtundu uliwonse mwa itatu ikuluikulu ija sukanati ndi kwathu. Kumanga kunatenga nthawi, ndipo boma linasamuka pa 12 December 1991. Kunena kuti malowo analibe eni kungakhale kunama: Agbagyi ndi mitundu ina ankakhala kumeneko, ndipo nkhani ya malo awo ndi chipepeso ikadamvekabe. Mmalawi sangadabwe ndi zosamutsa likulu, poti lathu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Blantyre n'kukhalabe mzinda wa malonda monga momwe Lagos ilili kwawoko.

Kuloweza, ndi kudziwa pomwe malo ali

Njira yofala yophunzitsira ndi yoimba. Mphunzitsi amatchula siteti, ana onse n'kuvomera likulu mokweza, kubwerezabwereza mpaka mawu atakhazikika pakamwa. Amatsata afabeti, ndipo ubwino wake ndi woonekeratu: sipafunika buku, mapu kapena magetsi, kalasi ya ana ochuluka imayendera limodzi, ndipo kholo limakhutira mwana akafika kunyumba n'kuyamba kulakatula. Chomwe munthu analoweza ali mwana sichichoka msanga. Akuluakulu ambiri a ku Nigeria akafunsidwa likulu la Jigawa amayamba kunong'ona kuchokera ku Abia mpaka atafikapo.

Kufooka kwake kuli pomwepo. Afabeti sidziwa kumpoto kapena kummwera. Abia ili kummwera chakumvuma, koma dzina lotsatira, Adamawa, lili kutali kumpoto chakumvuma kumalire ndi Cameroon. Bauchi ndi ya kumpoto kouma, pomwe Bayelsa yotsatana nayo ili m'madambo momwe mtsinje wa Niger umathirira m'nyanja. Mwana akhoza kutchula mayina onse 36 osaphonya, koma mutamuyalira mapu opanda zolemba n'kumuuza kuti aloze Taraba, chala chimangoyendayenda m'malere.

Aphunzitsi ena amayambira pa mitsinje. Amajambula pabolodi chilembo cha Y chachikulu: dzanja lamanzere ndi mtsinje wa Niger wochokera kumpoto chakumadzulo, lamanja ndi Benue wochokera kumvuma, ndipo pomwe ikumana ndi pa Lokoja, likulu la Kogi. Kuchokera apo mwendo wa Y umatsika mpaka kunyanja. Chilembo chomwechi chili pa chizindikiro cha boma la Nigeria, ndiye ana amakhala atachiona kale. Mphunzitsi akatero amayamba kupachika masiteti mozungulira: Sokoto, Kano ndi Borno pamwamba, Oyo, Ogun ndi Lagos kumanzere kwa mwendo, Enugu, Imo ndi Cross River kumanja kwake. Zimathandizanso kuti masiteti ambiri anatchedwa mayina a mitsinje, monga Niger, Benue, Ogun, Osun, Imo, Anambra ndi Taraba, kotero mwana akadziwa mtsinje wadziwa ndi pomwe siteti ili.

Ena amagawa masiteti m'magulu 6 omwe andale a kumeneko amagwiritsa ntchito: atatu kumpoto, atatu kummwera. Kuloweza mayina asanu mpaka asanu ndi awiri oyandikana n'kosavuta kusiyana ndi kumeza 36 nthawi imodzi, ndipo mwana amadziwiratu kuti anansi a siteti yakwawo ndi ati. Magulu amenewa sali m'malamulo oyendetsera dziko, koma ndi omwe amatchulidwa pogawana maudindo.

Palinso kukula kwa malo, komwe mndandanda sungaonetse. Lagos ndi siteti yaing'ono kwambiri pa onse, koma ndi imodzi mwa ziwiri zokhala ndi anthu ambiri, inzake ndi Kano. Niger ndiyo yaikulu kwambiri malo. Pakamwa pa mwana woloweza, onsewa amatenga mpweya wofanana.

Kunena zoona, njira ziwirizi sizilimbana kwenikweni, ndipo aphunzitsi ambiri amaziphatikiza. Chimene chimalamula nthawi zambiri ndi zomwe zili m'kalasimo. Pomwe pali mapu apakhoma, atilasi kapena foni, mwana amatha kuona ndi kuloza. Pomwe pali choko chokha, nyimbo ndiyo imapambana, pokhapokha mphunzitsi akhale wodziwa kujambula.

Chifukwa chiyani amalimbikira chonchi

Kwa Mnigeria siteti si nkhani ya mayeso okha. Pafupifupi fomu iliyonse ya boma, ya sukulu kapena ya ntchito imafunsa siteti yomwe munthu amachokera, kutanthauza kwawo kwa makolo ake, osati komwe anabadwira. Mwana wobadwira ndi kukulira ku Lagos akhoza kulemba Imo kapena Kano, komwe mwina amangopitako pa tchuthi. Malamulo amafuna kuti maudindo a boma lalikulu agawidwe moti mbali zonse za dziko zionekemo, ndipo pulezidenti amayenera kusankha nduna imodzi kapena kuposerapo kuchokera mu siteti iliyonse. Ku seneti, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse, siteti iliyonse ili ndi mipando itatu, yaikulu ndi yaing'ono chimodzimodzi, Abuja umodzi, yonse pamodzi 109. Ndalama za mafuta zimagawidwa mwezi ndi mwezi kwa boma lalikulu, masiteti ndi maboma ang'onoang'ono, ndipo masiteti omwe mafutawo amachokera amalandira 13 peresenti yapadera. Kuyambira 1973 omaliza maphunziro a ukachenjede amatumizidwa kukagwira ntchito chaka chimodzi, kawirikawiri ku siteti yomwe si yakwawo. Wachinyamata wa ku Calabar akalandira kalata yoti apite ku Kebbi, nyimbo ya ku pulayimale ija imamuuza kuti basi yokwera ndi ya ku Birnin Kebbi, koma siyimuuza kuti ulendowo ndi wodutsa dziko lonse.

Nambala ya masiteti inafikapo mpaka kukhothi lalikulu. Kuti munthu apambane upulezidenti sikokwanira kungokhala ndi mavoti ambiri. Ayeneranso kupeza gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti m'masiteti osachepera magawo awiri mwa atatu. Mu 1979 masiteti anali 19, nambala yosagawika bwino patatu. Shehu Shagari, amene anapeza mavoti ambiri pa chisankho cha chaka chimenecho, anakwanitsa m'masiteti 12, koma mu yachikhumi ndi chitatu, Kano, anaperewera. Obafemi Awolowo, amene ankapikisana naye, anakasuma ponena kuti magawo awiri mwa atatu a 19 ndi masiteti 13, chifukwa siteti siidulidwa pakati. Mbali ya Shagari inati ndi 12 ndi kachigawo ka siteti ina, ndipo khothi linagwirizana nayo. Lero 36 imagawika bwino, yankho ndi 24, koma mu 2023 mkangano unabukanso pa Abuja: kodi wopambana ayenera kupeza gawo limodzi mwa anayi ku Abuja komweko? Khothi lalikulu linagamula kuti ayi, Abuja iwerengedwe ngati masiteti ena onse.

Mafunso omwe akadalipo

Loyamba ndi loti kaya nambala 36 ikhala mpaka liti. Kuyambira pomwe ulamuliro wa anthu wamba unabwerera mu 1999, palibe siteti yatsopano yomwe yapangidwa, ngakhale mapempho sasiya kubwera. Msonkhano waukulu wa dziko wa 2014 unapempha masiteti ena 18, ndipo mu 2025 nyumba ya malamulo inalandira mapempho oposa 30. Njira yake ndi yovuta kwambiri: pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu ndi makhansala a deralo, referendamu ya anthu a kumeneko, chivomerezo cha masiteti oposa theka, kenaka magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za malamulo ku Abuja. Chomwe msilikali ankachita ndi chilengezo chimodzi pa wailesi, aphungu sanachikwanitsebe.

Ofuna masiteti atsopano amati boma limayandikira anthu, ndipo a kummwera chakumvuma amadandaula kuti gulu lawo lili ndi masiteti 5 pomwe magulu ena ali ndi 6, la kumpoto chakumadzulo 7, zomwe zikutanthauza maseneta ochepa ndi ndalama zochepa. Otsutsa amati masiteti ambiri omwe alipo kale sangalipire malipiro popanda ndalama zochokera ku Abuja, ndipo siteti yatsopano iliyonse imabala mtundu wina waung'ono womwe nawo udzayamba kulira. Alipo ena amene akufuna kubwerera ku zigawo zikuluzikulu zochepa. Ndani mwa awa akunena zoona, a ku Nigeria eni ake sanamvanebe.

Funso lina ndi la m'kalasi. Kodi mwana wa zaka zinayi amene akulakatula mayina 36 waphunzira za dziko lake, kapena wangophunzira nyimbo? Ngati nyimboyo ndi maziko, mapu ayenera kubwera ali kalasi iti? Kodi mphunzitsi auze ana aang'ono kuti malire amenewa anajambulidwa ndi asilikali, ena nkhondo ili pakhomo, kapena zimenezo zidikire ku sekondale? Ndipo mwana wobadwira ku Lagos, wolankhula Chiyoruba ndi anzake, makolo ake ali ochokera ku Imo, mphunzitsi akati aliyense aloze siteti yake pa mapu, aloze iti?